Mayi Chete ndi Chipinda cha Pakati

Dzina lawo lenileni linalembedwa pachitseko cha ofesi, koma palibe ankavutika n'kuliwerenga. Kuyambira wowotcherera zitsulo mpaka namwino wa pachipatala, aliyense ankawatchula Mayi Chete, chifukwa mawu amenewo ndiwo anali moni wawo, ulaliki wawo ndi kutsanzika kwawo. Munthu akakhosomola kawiri mulaibulale, iwo ankadzutsa mutu n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi, chala chili pamlomo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pantchito imeneyi, palibe buku linatayika, palibe tsamba linang'ambika, ndipo ankanyadira zimenezi. Koma tinene mosapsatira, buku limene palibe akuliwerenga silingang'ambike.

Laibulaleyo inali nyumba yaitali ya malata m'mphepete mwa msewu wafumbi. Ukalowa, kumanzere kunali chitseko cholembedwa ANA, kumanja china cholembedwa AKULU. Kwa ana kunali timipando tolekeza m'mawondo ndi mabuku a zithunzi za njovu. Kwa akulu kunali matebulo anayi, nyuzipepala za sabata yatha, ndi a Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene ankafika eyiti koloko, kuwerenga tsamba loyamba, n'kugona patsamba lachiwiri. Pakati pa zitseko ziwirizi panali chachitatu chosalembedwa kanthu. Mmenemo munkakhala mipando yothyoka, makatoni ndi akangaude.

Lolemba lina masana kunja kunaima galimoto ya ku ofesi yaikulu. Anatsika bwana woyang'anira malaibulale a kumidzi, munthu wamfupi, wa nsapato zonyezimira ngati sanapondepo pansi. Atapereka moni anapempha kaundula, buku limene aliyense wolowa amasayinamo, n'kuyamba kuyendetsa chala.

“Lachisanu munalowa anthu angati, mayi?”

“Asanu ndi awiri, bwana.”

“Ndikuona. Koma a Hedi awa asayina katatu.”

“Amapita kukadya, n'kubweranso, bwana.”

Bwanayo sanaseke. Anapita pazenera. Nthawi imeneyo sukulu ya sekondale inali itangoweruka, ndipo msewu unali tho ndi anyamata ndi atsikana a yunifolomu, ena panjinga, ena akukankhana, ena akuimba. Anadutsa pakhomo pa laibulale mazanamazana, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuza khosi.

“Onsewa akupita kuti?”

“Kwawo, bwana. Ana a masiku ano sakonda kuwerenga.”

“Mwina,” anatero bwanayo, akutseka kaundula. “Tamverani, mayi. A zaulimi akusowa posunga matumba a feteleza, ndipo nyumba ino akhala akuipempha. Ine ndatha mawu owakanizira. Ndidzabweranso sukulu zisanatsekere, ndiye kuti miyezi itatu. Ndikadzapeza achinyamata sakulowabe muno, mabuku tidzatumiza kutawuni, inu mudzapuma, makiyi adzatenga a feteleza.”

Galimoto itapita, Mayi Chete anakhala pampando. Kupuma pantchito sikunawaopse kwenikweni. Chinawapyoza mtima chinali kuganiza za matumba ataunjikidwa mpaka kudenga pamalo pamene iwo anasesa, kupukuta ndi kusanja theka la moyo wawo. Anachita mantha, ndipo anakwiyira ana a sukulu aja ngati ndiwo analemba chigamulocho.

Koma mayiwa sanali munthu wopinda manja. Mawa lake anatsegula chipinda cha pakati chija, kutulutsa zinyalala, kuthamangitsa akangaude, kukolopa mpaka simenti inaoneka. Anabwereka mabenchi kutchalitchi n'kuwandandalika m'mizere, onse kuyang'ana kutsogolo kumene anaikako tebulo lawo. Anapita kuchipatala kukapempha zithunzi zomata pakhoma, ndipo namwino anawapatsa mtolo wonse: PEWANI MIMBA ZA PAUBWANA. CHAMBA CHIMAPENGETSA. MOWA NDI NJIRA YA KUMANDA. Pashelefu anaikapo mabuku amene anasankha okha, onse a khalidwe labwino. Pachitseko analemba ndi penti yofiira kuti CHIPINDA CHA UPHUNGU KWA ANA OSINKHUKA. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, mtima uli m'malo.

Sabata yoyamba kunali zii. Sabata yachiwiri munalowa nkhuku, nayonso sinakhalitse.

Sabata yachitatu, Lachinayi, analowa mtsikana wamtali wa fomu 3, chikwama chili kumsana. Anzake ankamutchula Loya, chifukwa ukatsutsana naye unkapita kwanu utaiwala chimene umanena. Anaima pakati pa zitseko zija, kuwerenga apa, kuwerenga apo, n'kulunjika kwa AKULU.

“Iwe! Ukupita kuti?”

“Ndimafuna buku la bayoloji, amayi.”

“Uli ndi zaka zingati?”

“Sikisitini.”

“Ndiye kumeneko si kwako. Ndiwe mwana wa ndani?”

Mtsikanayo anayang'ana timipando ta kwa ANA, kenako miyendo yake yaitali. Mayi Chete anakumbukira kuti ameneyu ndiye munthu amene akhala akumudikira masabata atatu, choncho anayesa kumwetulira n'kumutsegulira chitseko cha pakati.

“Chipinda chako ndi ichi. Lowa, ukhale kutsogoloko.”

Loya anasuzumira. Anawerenga zithunzi zonse zapakhoma, chimodzichimodzi, osafulumira.

“Amayi, ine mimba ndilibe, chamba sindisuta, mowa sindimwa. Ndimangofuna buku.”

Anatero n'kutuluka. Mayi Chete anamulondola mpaka pakhonde, mawu okalipa ali kale pakamwa, ndipo anamuona akuwoloka msewu kulowera kwa Lumo.

Lumo anali wometa tsitsi. Kanyumba kake kanali ka matabwa, kopendekeka, kotentha ngati uvuni, mipando iwiri mkati ndi benchi imodzi panja. Komatu anthu ake! Anyamata ndi atsikana anali atadzaza benchi, ena pansi, ena atatsamira khoma. Wailesi inali ikulira, mafoni ali pa tchaja. Mayi Chete ankakaona kanyumbako tsiku lililonse, koma tsiku limeneli anaona chimene sanachionepo: ana anayi kapena asanu anali atatsegula makope pamawondo, akulemba, tsitsi lometedwa likuwaulukira pamasamba. Kuwerengera pamawondo, pafumbi, paphokoso, pamene tsidya lina la msewu matebulo anayi ali mbee! Izi zinawawawa kuposa mawu a bwana.

Anatseka ofesi n'kuwoloka msewu, chifuwa chili patsogolo.

“Bambo Lumo, mukundiwonongera ana.”

“Takulandirani, amayi,” anatero Lumo, osasiya kupukuta makina ake. “Takhalani kaye apa, ndithane ndi kasitomala uyu, kenako mundiweruze bwinobwino.”

Ana anawasunthira, ndipo pofuna kuti asaoneke opanda ulemu, anakhala. Kasitomalayo anali mnyamata wa zaka ngati khumi ndi zinayi, malaya ong'ambika paphewa, mapazi otuwa. Lumo anamukutumulira mpando, kumufunditsa nsalu, n'kuwerama pang'ono.

“Timete bwanji lero, bwana?”

Mnyamatayo anafotokoza ndi manja: m'mbali muchepe kwambiri, pamwamba pasiyidwe, apa padutse kamzere. Lumo anamvetsera ngati akuuzidwa nkhani ya ku khoti. Atamaliza kumeta anatenga kagalasi n'kumuonetsa kunkhongo.

“Zili bwino, kapena tichotseko apa?”

“Apa pang'ono.”

“Chabwino, bwana.”

Mayi Chete analephera kuugwira mtima. “Kamwana aka mukukatchula bwana?”

“Mutuwo ndi wake, amayi. Changa ine ndi makina. Nditamumeta mmene ndikufunira ineyo, akhoza kutuluka wokongola kuposa apa, koma sadzabweranso.”

“Kunyengerera makasitomala basi.”

“Theka la amene mukuwaona apawa sameta n'komwe. Atsikanawa ndingawamete chiyani? Amangobwera kudzakhala, chifukwa pano palibe amawafunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.” Lumo anakutumula nsalu, n'kutsitsa mawu kuti ana asamve. “Chipinda chanu chija ndamva mbiri yake. Mwagwira ntchito, amayi, sindikunyozani. Koma mwameta osafunsa mwini mutu. Paja safunsa anadya phula.”

Mayi Chete anadzuka osatsanzika. Kuphunzitsidwa ntchito ndi munthu wometa tsitsi, iwo amene anali ndi satifiketi yopachika pakhoma! Masiku awiri anapukuta mashelefu mwaukali, akuyankha Lumo mumtima mayankho akuthwa amene sanawapeze pa nthawi yake. Koma mkwiyo wotere tonse timaudziwa. Munthu akakunamizira umakwiya tsiku limodzi, akakuuza zoona umakwiya sabata.

Lolemba lotsatira, sukulu itaweruka, anatenga kope ndi cholembera n'kuwolokanso msewu. Atangofika, wina anatsitsa wailesi, nkhani zonse zinaduka. Loya anali pakati pa benchi, akusenda nzimbe ndi mano.

“Inu ana inu,” anayamba Mayi Chete, “ndabwera kudzakufunsani kanthu.”

“Inu wake uti, amayi?” anafunsa Loya.

“Ukuti chiyani?”

“Alipo ainu awiri. Pali inu wa gulu, amene ngakhale mbuzi zikalowa m'munda timati inu, chokani apo. Ndiye pali inu wa munthu mmodzi, amene mumawapatsa a Hedi. Ifeyo tikakhala ambiri chonchi ndife inu. Koma tikalowa kwanu kuja mmodzimmodzi, timasanduka iwe.”

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mayi Chete anamva nkhope ikutentha. Chibadwire sanatchulepo mwana wa yunifolomu kuti inu. Amayi awo sanatero, aphunzitsi awo sanatero. Anaganiza zobwerera. Kenako anaona m'maganizo matumba a feteleza aja, ndipo anameza malovu.

“Inuyo, chemwali,” anatero, akuyang'ana Loya yekha. “Inuyo panokha. Chipinda chija tichikonze bwanji?”

Lumo anazimitsa makina mutu wa munthu uli theka. Loya anatsitsa nzimbe. Mawu ake anatuluka ofewa.

“Bwanji mwatifuna lero, amayi? Zaka zonsezi timadutsa pakhomo panu.”

Mayi Chete akanatha kunena za tsogolo la ana ndi ubwino wa maphunziro. Mawu amenewo anali nawo okonzeka kale. Koma anatopa nako kudzikometsera, ndipo ananena zoona: za bwana, za miyezi itatu imene umodzi unali utatha kale, za feteleza.

“Ndiye si kuti ndabwera kudzakuthandizani,” anamaliza motero. “Ndabwera kuti mundithandize. Ndasowa mtengo wogwira.”

Ana aja anayang'anana. Kenako zinayamba, ndipo cholembera cha mayiwa sichinapumenso. Zithunzi zija zichoke, anatero wina, zimenezo tinaziloweza kale kusukulu, kutchalitchi ndi kuchipatala. Mabenchi a mizere abwezedwe, tikakhala m'kalasi tsiku lonse sitifunanso kuona nkhongo za anzathu. Pakhale mikeka ndi tebulo limodzi lalikulu. Pakhale potchajira mafoni. Muzitseka mochedwerako, chifukwa mumatseka ifeyo tikungoweruka. Mapepala a mayeso akale. Mabuku a nkhani zachikondi, anatero mtsikana wina, anyamata n'kukuwa, kenako mmodzi wa anyamata omwewo anati nayenso amawafuna. Mabuku okonzera njinga zamoto. Mnyamata wina amene sanayankhulepo anati khadi yobwerekera mabuku isamafune siginecha ya kholo, chifukwa ena alibe wowasayinira. Atatero anayang'ana pansi, ndipo Mayi Chete analemba zimenezo n'kudula mzere kunsi kwake.

“Mnzathu wina anasiya sukulu, ali ndi mwana wakhanda,” anatero Loya. “Akufuna kudzalembanso mayeso. Angabwere naye mwanayo?”

“Akalira?”

“Akalira, walira. Chomaliza ndi chimenecho, amayi. Chete mumusiye kwa akulu. Kwathu tiziyankhula.”

Apa mpamene panawavuta Mayi Chete. Koma analemba.

Loweruka m'mawa anafika anthu makumi awiri ndi zidebe, laimu ndi mabulashi obwereka. Chikwangwani chofiira chija anachipaka laimu, ndipo atakangana ola lathunthu za dzina latsopano, anagwirizana kuti chitsekocho chikhale chosalembedwa, eni ake akuchidziwa. Mnyamata wodziwa kujambula anadzaza khoma limodzi ndi mbalame, ndege ndi nkhope ya Lumo yamakutu aakulu. Wowotcherera zitsulo anapereka miyendo ya tebulo, ndipo kalipentala anakhomapo chitseko chakale. Ana analowa kwa AKULU, Mayi Chete akuwatsogolera, n'kusankha okha mabuku opita kuchipinda chawo.

Pa kasanjidwe mpamene mayiwa anavutika. Buku lililonse linali ndi nambala pamsana, ndipo kwa iwo nambala imeneyo inali ngati lamulo la m'Malemba. Ana sanaziyang'ane n'komwe. Anamata timapepala pamashelefu: ZA MAYESO, ZA MANJA, ZA CHIKONDI, ZOSEKETSA, ndi shelefu ina ya pansi imene analemba kuti ZOGONETSA TULO, mmene anaikamo mabuku onse a khalidwe labwino aja. Mayi Chete anangopita kukawiritsa madzi a tiyi.

Sabata yotsatira buku loyamba linang'ambika. Mtsikana wa mwana wakhanda uja anabwera nalo ku ofesi, tsamba lili m'manja, akuti mwana analikoka.

“Pepani, amayi. Musandithamangitse.”

Mayi Chete anayang'ana bukulo. Linali la masamu, lakhala pashelefu zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chidindo chobwereketsa chinali chimodzi chokha, cha dzana. Anatenga selotepi.

“Gwirani apa, chemwali, timate. Mwafika pa mutu wanji?”

Mawu akuti inu tsopano ankatuluka okha. Tsiku lina anazindikira kuti atchula inu kamnyamata kamene kanangobwera kudzamwa madzi, ndipo anaseka okha mu ofesi.

Amene sanasangalale anali a Hedi. Khoma la pakati linali lopyapyala, ndipo tulo tawo ta patsamba lachiwiri tinasokonekera. Anadandaula kamodzi, kawiri, kachitatu anagogoda patebulo ndi ndodo.

“Mayi, malo ano mwawasandutsa msika! Ine ndilembera ku ofesi yaikulu.”

“Pepani, aphunzitsi. Ndiwauza achepetse.”

“Kuchepetsa? Ana amene mukuwatchula inu angakumvereninso? Mwawakweza pamutu!”

Kalatayo analembadi, masamba awiri, ndipo anaitumiza. Mayi Chete atamva, anada nkhawa. Bwana uja anafuna achinyamata, inde, koma kodi anafuna phokoso, wailesi ya pafoni, khanda lolira ndi mabuku osanjidwa mopanda nambala? Anayamba kuona kuti mwina apulumutsa nyumbayo kwa a feteleza n'kuiphera m'manja mwa a Hedi. Anauza Loya nkhaniyo. Loya anangoti, “Asiyeni, amayi, tiona,” ndipo mawa lake Mayi Chete anamuona ataima mwaulemu pambali pa tebulo la a Hedi, kope lili m'manja, akufunsa kanthu. Sanamve zimene anakambirana, chifukwa pa kauntala panali mzere wa obwereka mabuku.

Chakudza sichiimba ng'oma. Bwana anafika kutatsala masabata awiri kuti nthawi ikwane, Lachitatu cha m'ma fili koloko, nthawi imene phokoso limafika pachimake. Mayi Chete anaona galimoto pazenera. Bwanayo anavutika kupeza podutsa pakhonde chifukwa cha njinga. Analowa nkhope ili gwa, kalata ili m'manja.

“Mayi, ndalandira dandaulo. Akuti laibulale yasanduka msika. Ndimati n'kukokomeza, koma phokosoli ndalimvera kumsewu.”

“Ndi achinyamata aja, bwana.”

“Ndione.”

Analunjika pachitseko cha pakati, dzanja lili kale patsogolo kuti akankhe. Mayi Chete sanadziwe kuti miyendo yawo inayenda nthawi yanji. Anangopezeka ataima pakati pa bwana ndi chitseko.

“Pepani, bwana. Muno timayamba taodira.”

“Kuodira? Ine? M'nyumba ya ofesi yanga?”

“Nyumbayi ndi ya ofesi, bwana, koma chipindachi chili ndi eni ake. Inenso ndimaodira.”

Anadziwa bwino lomwe kuti akuseweretsa ntchito yawo. Koma anadziwanso kuti munthuyu akangokankha chitseko n'kulowa ngati wobwera kudzagwira akuba, mawa ana onse adzakhala atabwerera pabenchi ya Lumo, ndipo adzakhala olondola. Sanasunthe.

Bwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, kuchokera kumagalasi mpaka kunsapato. Kenako anakonza tayi, kutsokomola pang'ono, n'kunena motsitsa, “Odi.”

Palibe anamva.

“Mukweze, bwana,” anatero Mayi Chete.

“Odi!”

Chitseko chinatseguka, ndipo anatulukira Loya, cholembera chili kukhutu.

“Lowani, bambo, takulandirani. Koma malo okhala atha. Mupirira kuimirira?”

Bwanayo analowa n'kuima pakhomo pomwepo, poti panalibe popondanso. Pamikeka panali anthu, patebulo anthu, pazenera anthu. Pakona anyamata atatu anali ataweramira buku la njinga zamoto, kachitsulo kamafuta kali panyuzipepala, akukangana kuti chithunzi chikunena waya uti. Atsikana awiri ankawerenga buku limodzi, wina akudikira mnzake kuti amalize tsamba. Mtsikana wa khanda uja ankalemba, mwana wake ali pamsana pa mnzake amene ankayendayenda akuloweza mayina a mafupa. Ndipo kukhoma lakumapeto, kutsogolo kwa kabolodi, manja atayera ndi choko, mawu ali pamwamba kuposa wina aliyense, kunali a Hedi.

“Ayi, ayi, ayi! Ukasamutsa nambala kupita tsidya lina, chizindikiro chimasintha! Ndanena kangati?”

Atatembenuka anaona bwana, anaonanso kalata. Choko chinagwa.

“Kodi si inu munalemba izi, aphunzitsi?” anafunsa bwanayo.

A Hedi anakanda pamutu, kusiya mzere woyera padazi. “Ndine, bwana. Koma ndinalemba ndisanalowe.”

Chipinda chonse chinaphulika ndi chikhakhali, ndipo bwanayo anayesetsa kulimbitsa nkhope koma milomo inamukanika. Anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba. Anayendetsa maso pamashelefu, kuwerenga timapepala tija, n'kuima pa ZOGONETSA TULO. Anapempha kaundula. Loya anamubweretsera, ndipo bwanayo anatembenuza tsamba, lina, linanso, asanamalize za sabata imodzi. Anafunsa amene amatsegula Loweruka, amene amasesa, zimene amachita wina akaba buku. Ana anayankha okha, mosinthana, ndipo pa funso lomalizalo anamuuza kuti buku limodzi linasowapo, koma anadziwa kokalitenga, ndipo linabwera.

Atatuluka m'chipindamo, bwanayo anaima pakhonde akupukuta thukuta ndi kampango. Mayi Chete anaima pambali pake, manja atagwirana kutsogolo, akudikira.

“Malaibulale khumi ndi anayi ndimayendera,” anatero bwanayo. “Onse aukhondo, onse abata, onse opanda anthu. Munachita bwanji, mayi?”

“Ndinafunsa, bwana.”

“Basi?”

“Basi. Koma sizinali zapafupi.”

Bwanayo anagwedeza mutu. “A zaulimi akafune kwina. Ndikawauza lero lomwe. Mwezi wamawa ndikutumizirani anzanu a m'malaibulale enawo adzaone, muwaphunzitse. Ndipo chipindachi chachepa. Ofesi ili ndi makatoni a mabuku atsopano amene ndimasowa kowapititsa, ndiye mundilembere zimene mukufuna.”

“Ndiwauza eni ake alembe, bwana.”

Galimoto itanyamuka, Loya anasuzumira pakhomo, kumbuyo kwake mitu ili mbwee.

“Amayi, akuti bwanji?”

“Akuti tikhala.”

Mfuwu umene unamveka unafika tsidya lina la msewu, ndipo Lumo anatuluka makina ali m'manja kudzaona amene wagoletsa. Ena anavina pakhonde, ena anamenya matebulo, a Hedi anakweza ndodo m'mwamba. Mayi Chete anangomwetulira, n'kunena kuti ali ndi ntchito mu ofesi. Analowa, kutseka chitseko, kuvula magalasi n'kukhala pansi. Chimwemwe chinawagwira, ndipo analira mokweza, mosadzigwira, ngati mwana. Palibe anawamva, chifukwa kuseri kwa khoma phokoso linali lalikulu.